Mphunzitsi wa Cinyanja Pakati pa Alimi a m'Makomboni

Inu amene muli kukonzekera nchito ya uphunzitsi, ambiri a inu mudzatumizidwa ku masukulu a m'matauni, kaya ku Lusaka, ku Kafue, ku Chipata kapena ku Petauke. Popita ku sukulu m'mawa, mudzayang'ane bwino m'mbali mwa njira. Kuseri kwa nyumba, m'madambo ndi m'mphepete mwa timitsinje mudzaona timadimba ta repu, tomato, therere ndi cimanga. Eni timadimba timeneti ndiwo makolo a ana amene mudzawaphunzitsa. Ndiwo zimene ana anu adzadyera nsima madzulo zimacokera m'menemo, ndipo nthawi zambiri ndalama yogulira makope ndi nsapato imacokeranso m'menemo.

Masiku ano boma, mipingo ndi mabungwe osiyana-siyana amakonza maphunziro a alimi otere, a acinyamata ndi a aphunzitsi. Ganizo langa ndi lakuti maphunziro amenewa amaima kapena kugwa cifukwa ca cilankhulo, ndi kuti mphunzitsi wa Cinyanja ali ndi gawo lace m'nchitoyi limene wina aliyense sangamugwirire.

Zimene ndinaona pa sukulu ina

Caka cina ndinapita kukayendera wophunzira wanga amene anali kuyeserera kuphunzitsa pa sukulu ina ya m'komboni. Loweruka lace, mphunzitsi wamkulu anaitana makolo olima ndiwo kuti adzamve za kapoperedwe ka mankhwala. Mlangizi amene anabwera anali munthu wodziwa nchito yace, koma zonse anaziphunzira m'Cingerezi, ndipo anapempha wophunzira wangayo kuti azimasulira. Atafika pa mau a pa botolo onena za masiku amene mlimi ayenera kudikira asanachole ndiwo zopoperedwa, mnyamatayo anamasulira liu ndi liu, nati: “Pali mpata wa patsogolo pa kukolola.” Anthu onse anagwedeza mitu mwaulemu. Ine ndinadziwa kuti palibe anamva.

Msonkhano utatha, mai wina wacikulire anamuyandikira nati, “Aphunzitsi, kodi mumati ciyani paja?” Mnyamatayo analongosolanso pang'ono-pang'ono. Maiyo anati, “Oho, mumati tikapopera tileke kuchola mpaka mankhwala athe mphamvu? Nanga masiku ace ndi angati? Ine ndimapopera madzulo, m'mawa ndapita nazo ku msika.”

Taganizirani bwino mau a mai ameneyu. Iye sanali mbuli kapena wouma mtima. Iye yemweyo ndiye anapeza Cinyanja coyenera cimene mphunzitsi anacisowa, ndipo anafunsanso funso lofunika koposa, la ciwerengero ca masiku. Komabe kwa zaka zambiri anali kugulitsa repu ya mankhwala kwa anansi ace ndi kudyetsa adzukulu ace, cifukwa cenjezo linalembedwa m'cilankhulo cimene iye sawerenga. Cidziwitso cinalipo, cinali pa botolo m'dzanja lace lomwe, koma sicinamufike.

Zimene mbiri yathu itiphunzitsa

Nkhani ya sukulu ndi ulimi si yacilendo m'dziko lino. Mu 1975 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti sukulu iri yonse ikhale ndi nchito yolima kapena kupanga zinthu. Minda inatsegulidwa m'masukulu ambiri. Koma m'malo ambiri munda unasanduka malo a cilango, kumene wocedwa ndi waphokoso anali kupatsidwa khasu. Zophunzira za m'kalasi zinali m'Cingerezi, monga mwa lamulo la maphunziro la 1966, pamene za kumunda zinali m'cilankhulo ca kunyumba, ndipo ziwirizi sizinakumane. Mwana anaturuka m'sukulu ataphunzira kuti nzeru iri m'buku la Cingerezi, khasu ndi la olephera.

Tsono yerekezani ndi liu lakuti “lima”. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, alangizi anayamba kuphunzitsa alimi ang'ono-ang'ono ndi muyeso wa munda wochedwa lima, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo 4 a hekitala, monga munda wa mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi. Nchito ya boma imene inabweretsa muyesowu inatha kale, koma liulo likali m'kamwa mwa anthu, ndipo mlimi adzakuuzani kuti caka cino walima malima awiri. Linakhazikika cifukwa linacokera ku mneni amene ali yense amaudziwa. Pamene ndinali kuphunzira za zilankhulo kunja kwa dziko lino ndinawerenga mabuku ambiri onena za kapangidwe ka mau atsopano, koma citsanzo coposa ici sindinacipeze.

Ndondomeko ya maphunziro ya 1996, yochedwa Educating Our Future, inabvomereza zinthu ziwiri: kuti mwana ayambe kuwerenga m'cilankhulo cimene amacidziwa, ndi kuti sukulu igwirizane ndi anthu oizungulira. Ambiri amaziona ngati nkhani ziwiri zosiyana. Kwa ine ndi nkhani imodzi, pakuti sukulu singagwirizane ndi anthu amene siilankhula nao momveka.

Zimene mungacite

Coyamba, yambani ndi kumvetsera. Safunsa anadya phula. Konzani ndi ana a Giredi 5, 6 kapena 7 mafunso ocepa, ndipo muwatume awiri-awiri kwa olima a pafupi, mutayamba mwapempha cilolezo kwa eni madimba ndi kwa mphunzitsi wamkulu. Afunse maina a ndiwo, a tizirombo, a matenda a mbeu, a mitundu ya dothi ndi a miyeso imene anthu amagwiritsa nchito. Pobwera alembe mauwo ndi matanthauzo ace m'kope limodzi la kalasi. M'nchito imeneyi muli malonje, kufunsa mwaulemu, kumvetsera, kulemba, ndi kuika mau m'ndondomeko ya alifabeti. Simunapatuke pa silabasi ngakhale pang'ono.

Caciwiri, phunzitsani kulemba malangizo. Ili ndi luso lapadera, losiyana ndi kulemba nthano kapena kalata. Ciganizo cimodzi cinyamule lamulo limodzi, ciyambe ndi mneni wolamula, ndipo ziganizo zitsatane monga momwe nchitoyo imacitikira: “Bvalani zophimba manja ndi pakamwa. Poperani kulibe mphepo. Sambani ndi sopo mukatha. Botolo lotha musatungire madzi.” Mukalemba, musakhutire msanga. Kawerengereni mlimi mmodzi, ndipo m'malo mofunsa kuti “Mwamva?”, mumupemphe kuti akuuzeni m'mau ace cimene adzacita. Pamene wasokonezeka ndi pamene pali colakwa canu.

Pano mudzakumana ndi misampha imene munthu wa cilankhulo yekha ndiye angaione. Mwacitsanzo, mabotolo ambiri a mankhwala ali ndi mzere wa mtundu m'munsi mwace wosonyeza ukali wace: wofiira ndiwo woopsa koposa, kenaka wacikasu, kenaka wabuluu, ndipo wotsiriza ndi wa mtundu wa msipu. Koma m'Cinyanja liu lakuti “wobiriwira” akulu ambiri amalichulira mtundu wa msipu ndi wa thambo womwe. Mukangolemba “wobiriwira”, mwaphatikiza magulu awiri amene wopanga mankhwala anawasiyanitsa dala. Nenani “wabuluu” ndi “wobiriwira ngati msipu”, ndipo muonetse botolo lenileni.

Cacitatu, musaiwale acinyamata amene anasiya sukulu kapena anatsiriza koma alibe nchito. Ambiri a iwo amawerenga Cingerezi ndi Cinyanja comwe, ndipo ali ndi mafoni. Iwowa angakhale owerengera makolo zolembedwa pa mapaketi a mbeu, olemba m'buku ndalama zogulira mbeu ndi fetereza pamodzi ndi zopeza pa msika, ndiponso ocita timasewero ta phunziro pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi. Mnyamata amene waona m'buku lolemba yekha kuti bedi la repu labweza ndalama zace ndi phindu pamwamba saonanso khasu ngati cilango.

Cacinai, gawanani ndi aphunzitsi anzanu. Pa misonkhano ya aphunzitsi ya pa sukulu ndi ya pa zoni, tengani kope lija la mau ndi malangizo amene mwawayesa kale. Mutu umodzi susenza denga, ndipo si bwino kuti sukulu iri yonse izibvutika payokha kufuna-funa liu limene sukulu yoyandikana nayo inalipeza kale.

Zimene ena adzakuuzani

Ena adzati, “Mphunzitsi si mlangizi wa za ulimi.” Ndi zoona, ndipo musayese kukhala mlangizi. Musapeke muyeso wa mankhwala kapena ciwerengero ca masiku odikira. Zimenezi zimasiyana botolo ndi botolo, ndipo ziyenera kucokera pa cikalata ca botololo kapena kwa mlangizi. Akatswiri alipo: ali ku Unduna wa za Ulimi, ndiponso ku malo monga Kasisi Agricultural Training Centre, imene ansembe a ciJesuit anaiyambitsa mu 1974 kufupi ndi Lusaka, ndipo imadziwika pophunzitsa ulimi wa manyowa wosadalira mankhwala. Nchito yanu ndi kukhala pansi ndi katswiriyo msonkhano usanacitike, kumufunsa mpaka inu mwini mutamvetsa, ndi kupeza naye mau amene anthu adzamva. Mnyamata wanga uja analephera cifukwa anayamba kumasulira cinthu cimene iye mwini anali asanacimvetse.

Ena adzati, “Nchito yaticurukira kale.” Izinso ndi zoona. Kuyambira mu 2022, pamene boma linacotsa malipiro a sukulu, makalasi ambiri anadzaza koposa kale. Ncifukwa cace sindikupemphani kuti muonjeze phunziro latsopano. Ndikupemphani kuti zimene muyenera kuphunzitsa kale, monga kufunsa, kufotokoza, kulemba malangizo ndi kulemba lipoti, muzitengere ku dimba m'malo mozitengera ku nkhani zopeka za m'buku. Loweruka limodzi pa temu likwanira kukumana ndi makolo.

Otsutsa acitatu ndi a m'nyumba mwathu momwe, anzanga okonda Cinyanja coyera. Iwo adzati, “Ca m'komboni si Cinyanja, ndi cosakaniza.” Indedi, mai wa ku Kanyama kapena ku Mtendere adzati cibwabwa pamene buku likuti nkhwani, kalembula pamene buku likuti kholowa, bondwe pamene buku likuti bonongwe. Kodi muzimudzudzula? Iai. M'kope la kalasi lembani mau onse awiri moyandikana, ndipo ana adziwe kuti la m'buku ndi liti, pakuti pa mayeso lidzafunika. Koma pa cikalata copita kwa mlimi lembani liu limene mlimiyo amalichula. Cenjezo lolembedwa m'Cinyanja cokongola cimene mwini dimba sanamve silisiyana ndi la Cingerezi lija. Ine ndimacikonda Cicewa ca makolo anga, ndipo ndatha zaka zambiri ndikuciphunzitsa. Koma sindingalole kuti mwana adye ndiwo za mankhwala pofuna kusunga liu limodzi.

Cifukwa cace nkhaniyi ndi yacangu

Zaka zapitazi zatikumbutsa kuti sukulu siri pa cilumba. Kolera imene inabuka ku Lusaka kumapeto kwa 2023 inacititsa kuti masukulu, amene anayenera kutsegulidwa mu Januwale 2024, atsegulidwe pa 12 Febuluwale. Mwezi womwewo, pa 29, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cirala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Pa nthawi zotere uthenga wa madzi othirira ndiwo, wa kutsuka ndi kuphika bwino masamba, ndi wa kusunga cinyezi m'dimba umafunika kufika khomo ndi khomo msanga. Sukulu imene inazolowera kale kulankhulana ndi alimi oizungulira imafikitsa uthengawo m'masiku ocepa, pakuti mau inawapeza kale ndipo anthu amaikhulupirira. Sukulu imene iyamba kufuna mau tsoka litagwa imacedwa.

Cotero, mukafika pa sukulu yanu yoyamba, musanathe mwezi mupite ku dimba la pafupi. Mupereke moni monga mwa mwambo, mukhale pansi, ndipo mupemphe mwini dimba kuti akuonetseni botolo kapena paketi imene ali nayo. Mumufunse cimene amaganiza kuti palembedwa. Yankho lace lidzakuuzani pamene phunziro lanu la Cinyanja liyenera kuyambira.