Nambala za Anthu Athu Zisungidwe M'nkhokwe Yathu

M'chaka cha 2008, Josh Nesbit, wophunzira wa pa yunivesite ya Stanford, anafika pachipatala cha St Gabriel ku Namitete ndi mafoni 100 ogwiritsidwapo kale ntchito komanso laputopu imodzi. Pa laputopuyo panali pulogalamu ya FrontlineSMS, yomwe inkasunga nambala za anthu odzipereka pa zaumoyo m'midzi n'kumatumiza mauthenga popanda intaneti. Phunziro lomwe ine ndikutolapo n'lakuti nambalazo zinkasungidwa pachipatala pomwepo. Ndikukhulupirira kuti magulu a kumudzi ayenera kutengerapo chitsanzo.

Taganizirani kalabu ya alimi ku Nsaru kapena banki m'khonde ku Mpingu. Kawirikawiri nambala za mamembala ndi masiku a misonkhano zimakhala m'foni ya mlembi yekha. Foniyo ikabedwa, kapena mlembi akachoka atakwiya, gulu limasowa pogwira. Ena amasunga zonsezi ku Google, koma mawu achinsinsi olowera amawadziwa munthu mmodzi yemweyo.

Njira yabwino ndi yoti gulu likhale ndi seva yakeyake. Seva ndi kompyuta yosungira zinthu za onse, monga nkhokwe pakhomo. Kakompyuta kakang'ono ngati Raspberry Pi n'kokwanira, ndipo mapulogalamu monga Radicale ndi Baïkal ndi aulere. Mayina ndi nambala zimayenda kudzera m'njira yotchedwa CardDAV, pomwe kalendala imadzera mu CalDAV. Foni ya Android imafunika kuiikira pulogalamu monga DAVx5 kuti izilankhulana ndi sevayo. Zikatero, mlembi akasintha tsiku la msonkhano, mafoni a atsogoleri anzake amalandira kusinthako akangolumikizana ndi seva.

Ena anganene kuti magetsi ndi osadalirika ndipo anthu ambiri ali ndi mafoni a mabatani. Izi n'zoona. Komabe kakompyutaka sikadya magetsi ambiri, choncho sola ndi batire n'zokwanira. Komanso si membala aliyense amene ayenera kulumikizidwa. Atsogoleri ochepa akakhala ndi mndandanda umodzi wolondola, enawo angathe kulandira uthenga wapafoni monga mwa masiku onse.

Vuto lenileni ndi chisamaliro. Womanga nkhokwe ndiye amaiteteza ku makoswe ndi anankafumbwe. Payenera kukhala anthu awiri odziwa kuyendetsa sevayo, ndipo zonse zizikoperedwa pa fulashi yosungidwa kwina. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, lomwe amaliyang'anira ndi a MACRA, likutikumbutsanso kuti kusunga nambala ya munthu ndi udindo.

Pomaliza, ndikupempha ophunzira anzanga ochokera ku Kabudula, Nambuma ndi madera oyandikana nawo kuti pa tchuthi tikaphunzitse magulu akwathu lusoli, ndipo malangizo ake tiwalembe m'Chichewa. Akuluakulu anati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.