Werengani Mau Ofiira Musanathawe

Anzanga ambiri amene ayamba kuphunzira Python agwa mphwayi pa chinthu chimodzi. Alemba import numpy pamwamba pa pulogalamu yao, ndipo kompyuta iwayankha ndi mau ofiira akuti ModuleNotFoundError. Pomwepo ena anena kuti makina aonongeka, ena ati nchito iyi ndi ya anzeru okha, naisiya. Ine ndiganiza kuti onsewa alakwa, pakuti chimene chiwagwetsa ndi ulesi wa kuwerenga.

Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo ananena zoona. Koma musanathamangire kwa aphunzitsi, werengani mzere wotsiriza wa mau ofiirawo, chifukwa ndiwo utchula dzina la module imene yasowa. Mutauwerenga, dzifunseni mafunso atatu.

Loyamba, kodi module imeneyi ilimo m'kompyutamo? Zina monga math ndi random zidza pamodzi ndi Python, koma numpy muyenera kuiika nokha ndi pip.

Lachiwiri, kodi munaiika kuti? Kompyuta imodzi ikhoza kukhala ndi ma Python awiri, ndipo pip atula katundu m'nyumba ya wina pamene inu mugogoda pakhomo la mnzache. Mankhwala ache ndiwo kulemba python -m pip install numpy, kuti katundu alowe kwa Python yemweyo amene mugwiritsa nchito.

Lachitatu, kodi dzina liri bwino? Chimene tiika ndi dzina la Pillow tichiitana PIL, ndipo scikit-learn tiiitana sklearn. Chenjeraninso ndi maina a mafayilo anu. Mukatcha fayilo yanu random.py, Python ayamba kufuna m'foda yanu, napeza fayilo yanuyo m'malo mwa yeniyeni, ndipo pulogalamu isokonezeka.

Ena ati nkwapafupi kukopera yankho pa intaneti. Inde nkwapafupi, koma wokopera sadziwa chimene chinachiritsa nthenda, ndipo mawa idzamgwiranso. Palinso ngozi: anthu oipa amaika mapulogalamu oononga ku PyPI, kumene pip atenga katundu wache, nawapatsa maina ofanana ndi otchuka, kuti wolemba mofulumira akodwe.

Chifukwa chache ndipempha aphunzitsi athu kuti apatule tsiku limodzi la kutiphunzitsa kuwerenga mau ofiira okha. Ndipo inu anzanga, anyamata ndi asungwana, khalani pansi muwerenge bwino, pakuti kuthamanga si kufika.

Wophunzira wa Fomu 3