Chitupa Chiteteza Yani ku Sandton?

Mbandakucha uliwonse, pazipata za nyumba zamipanda ku Sandton, Amalawi osamala maluwa ndi olera ana amandanda kuti makina awerenge zala zawo. Eni nyumba amati chimenechi ndi chitetezo. Chitetezo cha yani?

South Africa idayamba kupereka ziphaso zaunzika zosunga zidindo za zala mu 2013, ndipo Malawi idatsatira mu 2017 polembetsa anthu oposa 9 miliyoni. Olamula adalonjeza kuti akathyali asowa pobisala. Kubanki mwina zidathekadi. Koma kumsewu chitupa chasanduka mkwapulo wokwapulira mlendo. Mu 2022 ku Diepsloot chigulu cha anthu chidayenda khomo ndi khomo usiku kuitanitsa mapepala, mpaka kupha Mzimbabwe wina pomuyatsa moto.

Dziko lomwe lidakhetsa mwazi ku Sharpeville mu 1960 pokana zitupa za atsamunda lidaiwala msanga chotere? Kutsidya kwa msewu wa M1 kuli Alexandra, kudabukira zipolowe zothamangitsa alendo mu 2008. Wosamala maluwa uja akaweruka amakagona komweko, kopanda chipata chowerenga chala cha wodza ndi chikwanje.