Amalume tinawaika popanda nyimbo

Amalume anga tinawaika m'manda mwezi wa Ogasiti chaka chatha, kumudzi kwathu ku Dowa, popanda nyimbo ndi imodzi yomwe. Amene anakhalapo pa maliro otere akudziwa kuwawa kwake. Bokosi limanyamuka pasiwa anthu ali duu, m'njira mumangomva mapazi ndi kutsokomola, ndipo kumanda chomveka ndi makasu a adzukulu basi.

Nkhani inali khadi la zopereka za kumpingo. M'mawa wa tsikulo akulu a mpingo atatu anakhala pa benchi pansi pa mtengo wa mango n'kutiitana ife eni maliro. Akazi a amalume analowa m'nyumba kukatenga Baibulo lomwe ankalisunga m'jumbo ya shuga, ndipo khadi linali pakati pake. Linali lachikasu, lopindika pawiri, m'mphepete mutadyeka ndi mphemvu. Mkulu mmodzi analitambasula pabondo n'kumayendetsa chala m'timabokosi ta miyezi. Zaka zinayi zinali mbee, zopanda siginecha. Kenaka anatsegula buku la mpingo momwe munalembedwa kuti amalume anadulidwa chifukwa cha mowa ndipo sanabwerere. Anayankhula motsitsa mawu, maso ali pansi: "Pepani eni mbumba. Ife tabwera ngati anansi ndipo tikhala nanu mpaka kumanda, koma ngati mpingo sititha kuimba."

Dzina la mpingo sinditchula, pakuti mchitidwewu uli m'mipingo yambiri, ndipo akulu atatu aja ndi anthu abwino amene ankangotsata zimene anazipeza. Chimene chikundilembetsa ndi chiphunzitso chimene mudzi wonse unatola tsiku lija. Ana amene anaima m'mbali mwa msewu anaphunzira kuti tchimo ndi kachasu, ndiponso kuti chipulumutso chimaoneka pa khadi. Zonse ziwirizi si zimene chikhristu chimaphunzitsa.

Amalume ankamwa, sindingabise. Zaka zambiri ndalama ya fodya inkathera m'mabotolo, ndipo akazi awo anavutika nazo. Koma miyezi isanu yomaliza anali gone pamphasa, miyendo itatupa, ndipo ine ndinkapita Loweruka lililonse kukawawerengera Baibulo chifukwa maso anali atafooka. Nkhani imene ankaipempha mobwereza ndi ya pa Luka 23, ya wachifwamba amene anapachikidwa pambali pa Yesu, amene anavomera kuti chilango chake chinali chomuyenera napempha kuti akumbukiridwe, ndipo analonjezedwa Paradaiso tsiku lomwelo. Tsiku lina nditamaliza kuwerenga anandigwira pamkono n'kunena kuti, "Iwe mwana, ine ndilibe choti ndikaonetse. Ndangogwira Yesu yemweyu, akandisiya ndatha." Anapepesa akazi awo ana onse akumva. Anaitanitsa mkulu wina amene anakhala osayankhulana naye zaka khumi chifukwa cha malire a dimba, ndipo anagwirana chanza pamphasa pomwepo. Tinatumiza uthenga kumpingo kuti odwala akufuna kubwerera. Abusa ndi amodzi, nyumba za mapemphero zimene amayendera ndi zambiri, ndiye yankho linali loti nkhaniyo idzamveka pa bwalo la mwezi wamawa. Amalume sanafike mwezi wamawawo.

Chisomo ndinachiphunzira kwa amalume omwewa, ndili ndi zaka 12, ndisanadziwe n'komwe kuti mawuwa ali ndi tanthauzo lozama. Tinkasaka mbewa m'chilimwe ine ndi anzanga, ndipo ine ndi amene ndinayatsa tchire. Mphepo inatembenuka, moto unalowa pakhomo pa gogo wina n'kupsereza mitolo yonse ya udzu wofolera ndi theka la nkhokwe. Kwa anyakwawa mlandu unagamulidwa kuti ilipidwe mbuzi ndi matumba awiri a chimanga. Mayi anga analibe ngakhale nkhuku. Ndikukumbukira amalume akudzuka pabwalo osanena kanthu, n'kubwerako akukoka mbuzi yawo yaikazi, yabere, imene ankaidalira kuti iyambitse khola. Anyakwawa asanalandire chingwe anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga mwini mlandu akuti chiyani?" Amalume anandikankha pang'ono pamsana. Changa chinali kungonena kuti ndinayatsa ndine, ndi kuvomera kuti mbuzi ya amalume iime m'malo mwanga. Ndikanakana kuti sindinayatse, kapena ndikanadzitukumula kuti ndilipira ndekha ndikadzakula, mlandu ukanakhala pamutu panga, paja mlandu suwola.

Pamene Paulo akulembera Aroma, m'mutu wachitatu, kuti anthu onse ndi ochimwa ndipo amayesedwa olungama mwaulere chifukwa cha kuwomboledwa ndi Khristu, ine ndimaona chingwe cha mbuzi ija. Chikhulupiriro ndi pakamwa pa mwana povomera, ndi manja ake olekera wina kuti alipe. Mwanayo sawonjezerapo tambala. Kalata ya kwa Aefeso, mutu wachiwiri, imatseka khomo lililonse lodzitamandira, pakuti imati ngakhale kupulumukako ndi mphatso. Buku Lopatulika linatuluka lathunthu m'chinenero chathu mu 1922, choncho takhala tikuwerenga zimenezi m'Chichewa zaka zoposa 100. Sitinganene kuti zinabisika m'Chingerezi kapena m'Chigiriki.

Nanga zinatheka bwanji kuti tchimo tilichepetse chonchi? M'mabwalo athu a mpingo milandu imene imafika ndi yodziwika: mowa, mitala, mimba ya pathengo, kupita kudambwe. Onsewa ndi machimo oonekera kunja, oti mnansi atha kuloza ndi chala. Mtsikana amaima kutsogolo mimba ili poyera, mnyamata amene anam'patsa ali phee kumbuyo chifukwa iye thupi silim'neneza. Koma ndi liti pamene munamva kuti wina wadulidwa chifukwa chobera alimi pa sikelo, kulanda munda wa mayi wamasiye, kumana wantchito malipiro a miyezi itatu, kapena kukongoza katapila? Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi anayi alionse, atatu n'kupitirirako amati ndi akhristu. Dziko lomweli ndi limene linaona ndalama za boma zikusololedwa ku Capital Hill mu 2013 pa nkhani ya Cashgate, mankhwala akusowa m'zipatala. Munthu wochita zoterezi khadi lake limakhala lodzadza bwino, ndipo akamwalira makwaya amachita kulimbirana.

Yesu pa Marko 7 anaika gwero la zoipa mumtima wa munthu, ndipo m'gulu limodzi ndi chiwerewere anaikamo umbombo, chinyengo, kaduka ndi kudzikuza. Tchimo m'chikhristu ndi matenda a mtundu wonse wa anthu, kupandukira Mulungu kumene tonse timabadwa nako, ndipo kuledzera ndi chizindikiro chimodzi chabe cha matendawo. Mkangano wa zimenezi ndi wakale. Pelagius ankaphunzitsa kuti munthu atha kudzikonza yekha akalimbikira, Augustine wa ku Hippo, kumpoto kwa Africa kuno, anam'tsutsa, ndipo msonkhano wa ku Carthage mu 418 unakana chiphunzitso cha Pelagius. Ngati matendawa ali mwa tonse, mkulu wogwira khadi ndi mwini khadi ali pa mzere umodzi wa odwala. Fanizo la pa Luka 18 la Mfarisi ndi wokhometsa msonkho linanenedwa pa chifukwa chomwechi. Amene anawerengera Mulungu za kusala kudya ndi chakhumi chake anabwerera chimodzimodzi, ndipo amene anangodziguguda pachifuwa kupempha chifundo ndiye anapita kwawo atalandiridwa.

Ambiri mwa ife timanyadira kuti mipingo yathu ndi zidzukulu za Martin Luther. Tikumbukire tsono chimene chinam'pweteka mtima mkuluyu. Mu 1517 Johann Tetzel ankayendayenda m'madera a ku Germany kugulitsa zikalata zochepetsa chilango cha machimo, ndipo gawo la ndalamazo linkapita kukamangira tchalitchi cha Petro Woyera ku Rome. Anthu osauka ankakhuthula m'matumba poganiza kuti akuwombola makolo awo amene anamwalira. Luther, amene ankaphunzitsa Baibulo ku Wittenberg, analemba mfundo 95 zotsutsa malondawa pa 31 Okutobala chaka chimenecho. Ine ndikayang'ana khadi la amalume ndi chikalata cha Tetzel ndimaona kuti ndi pachibale. Kusiyana kwake n'kwakuti ife sitinena poyera kuti tikugulitsa, koma mayi wa kumudzi amene amathamanga kukakongola ndalama kuti akadzadze miyezi ya mwamuna wake wodwala, poopa manyazi a maliro a zii, wamva uthenga womwewo.

Ndipo pasapezeke wina woti nkhaniyi aisandutse yonyozera Akatolika. Msonkhano wawo wa ku Trent unanena mu 1547 kuti palibe chimene munthu amachita asanalungamitsidwe chimene chingagule chisomocho, ndipo mu 1567 Papa Pius V analetsa zikalata zonse zotere zokhudza ndalama. Pa 31 Okutobala 1999, mumzinda wa Augsburg, mpingo wa Katolika ndi bungwe la mipingo ya Lutheran pa dziko lonse anasainirana chikalata chovomerezana kuti munthu amalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha pokhulupirira ntchito ya Khristu, ndipo Mzimu ndiye amam'patsa mphamvu yochita zabwino. A Methodist anavomera nawo mu 2006, ndipo bungwe la mipingo ya Reformed, komwe kuli a Presbyterian, linasaina mu 2017 ku Wittenberg komwe kuja. Akuluakulu anagwirizana kalekale. Kuno kumudzi ndiye tikadali kuwerenga timabokosi.

Za m'tauni sinditaya nazo nthawi. Mafuta odzozera a m'timabotolo, madzi, zomata pagalimoto, envelopu ya "mbewu" imene mtengo wake umakwera molingana ndi kukula kwa vuto lako, zonsezi Petro anaziyankha kale pa Machitidwe 8 pamene Simoni wa ku Samariya anatulutsa ndalama kuti agule mphatso ya Mulungu, ndipo yankho lake linali laukali. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti mawu oti chisomo tawasandutsa dzina la mwayi. Wina akagula galimoto timati chisomo, akapeza viza ya ku Johannesburg kapena ku London timati chisomo. Nanga gogo amene wamwalira ali ndi chitenje chimodzi, akupemphera mpaka mpweya womaliza, chisomo chinam'lambalala?

Ndikudziwa zimene akulu a mpingo angandiyankhe, ndipo zina mwa izo n'zoona. Mpingo umafuna ndalama. Abusa amadya, denga la tchalitchi limadontha, njinga yamoto imafuna petulo. Pali anthu amene amakumbukira mpingo pokhapokha kunyumba kukagwa zovuta, ndipo amayi amene amagona pasiwa usiku wonse akuimba nawonso amatopa. Mwambo wa mpingo ndi wofunika, Paulo yemwe analamula Akorinto kuti achotse pakati pawo munthu wochita zonyansa. Yakobo, m'mutu wachiwiri, salola chikhulupiriro cha pakamwa chopanda zipatso. Zonsezi ndimazivomera ndi mtima wonse, ndipo ine mwini khadi langa ndimadzadza mwezi ndi mwezi mokondwa.

Koma taonani ndondomeko yake pa nkhani ya Zakeyu pa Luka 19. Yesu analowa m'nyumba mwake munthuyo asanabweze kalikonse, anthu akung'ung'udza panja. Kubweza kanayi kwa amene anawabera kunabwera pambuyo, kuchokera mumtima umene walandiridwa kale. Inenso nditakula ndinkalimira amalume dimba lawo chaka ndi chaka osalandira kanthu, ndipo sindinaganizepo kuti ndikulipira mbuzi ija. Mbuzi inapita kalekale, mlandu unatha tsiku lomwe lija. Ndinkalima chifukwa ndinkawakonda. Zipatso za amalume nazonso zinalipo, kungoti sizinali za mtundu wolembeka m'kabokosi: chanza chija cha pamphasa, misozi ya akazi awo atamva "pepa" amene anamudikira zaka 30. Ndipo cholinga cha kudula munthu, malinga ndi kalata yachiwiri ya kwa Akorinto, n'chakuti wolapayo akhululukidwe ndi kutonthozedwa msanga chisoni chisanam'mize. Mwambo umene ulibe njira yofulumira yofikira munthu amene ali pamphasa ya imfa wasiya ntchito imene unaikidwira.

Sindikunena kuti nyimbo zikanawapulumutsa amalume. Wachifwamba uja sanaimbiridwe ndi kwaya iliyonse. Nyimbo za pamaliro ndi za ife otsala, ndipo n'chifukwa chake kuzimana kuli nkhani yaikulu, pakuti ndi ulaliki umene mudzi wonse umamva, ngakhale amene sapondako kutchalitchi. Pempho langa kwa mabwalo a mipingo ndi laling'ono. Lekanitsani buku la zopereka ndi mwambo wa maliro, lisamatsegulidwenso pansi pa mtengo wa mango thupi lili m'nyumba. Ndipo mkulu wa mpingo wa m'mudzi apatsidwe mphamvu yomva kulapa kwa wodwala kwambiri ndi kukachitira umboni, osadikira bwalo la mwezi wamawa.

Patatha sabata chiikireni maliro, mkulu amene anagwira khadi uja anabwera kunyumba madzulo, atanyamula kalichero ka ufa. Anakhala pakhonde nthawi yaitali osayankhula. Kenaka anandiuza kuti iye ndi amalume anabatizidwa tsiku limodzi ali anyamata, ndipo kuyambira tsiku la maliro tulo sakutiona. Ndinam'fotokozera mawu amene amalume ananena atandigwira pamkono, ndipo anavula chipewa n'kubisa nkhope m'menemo. Tinagwirizana kuti nkhaniyi tikaitule limodzi ku bwalo la akulu. Kawiri konse yakhala ikulembedwa pa mndandanda n'kusiyidwa chifukwa cha nthawi. Aiikanso pa bwalo la mwezi uno, ndipo akazi a amalume andibwereka khadi lija kuti ndikapite nalo.