Msambo Ukasintha, Tisathamangire Kuweruza

M'midzi yathu ya ku Molumbo muli mlandu umene umaweruzidwa popanda mboni. Mayi akadumphitsa mwezi osasamba, kapena akasamba kawiri pa mwezi umodzi, oweruza amacuruka. Mwamuna wake akuti: "Wayenda ndi wina." Apongozi akuti: "Am'lodza." Woombeza akuti: "Bweretsani nkhuku ndi ndalama." Mtsikana wa pa sukulu akapitirira masiku ake, mudzi wonse umalengeza kuti waima. Koma palibe wofunsa funso loyamba: kodi thupi la mkazi limayenda bwanji?

Ife tikuti maweruzo amenewa ndi abodza. Akupasula mabanja, ndipo akucedwetsa amayi odwala kupita ku cipatala.

Tiyambe ndi thupi. Mwezi uliwonse cibelekero cimayala mphasa yofewa ya magazi, kukonzekera mwana. Dzira limodzi limakhwima. Likapanda kukumana ndi mbeu ya mwamuna, mphasa ija imayalulidwa, magazi natuluka. Umenewo ndiwo msambo. Nchito yonseyi imalamulidwa ndi timadzi ta m'thupi tochedwa mahomoni.

Timawerenga kuyambira tsiku loyamba la msambo uno kufikira tsiku loyamba la msambo wotsatira. Amayi ena amapeza masiku 28. Ena 24, ena 33. Kuyambira masiku 21 kufikira 35, onsewo ali bwino. Magazi amatuluka masiku 2 kufikira 7. Mayi yemweyo angathe kufulumira mwezi uno ndi kucedwa masiku angapo mwezi wamawa. Ngakhale mvula siyamba tsiku limodzimodzi caka ciriconse.

Pali nthawi zisanu zimene msambo umasintha popanda wolakwa.

Yoyamba ndi pamene namwali wangotha msinkhu. Zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba, thupi likali kuphunzira. Angathe kusamba mwezi uno, nadumphitsa miyezi iwiri. Kumukwapula kuti aulule mwamuna ndi nkhanza.

Yaciwiri ndi pamene mayi akuyamwitsa. Angathe kukhala miyezi yambiri osasamba. Koma acenjere, pakuti pakati pangathe kubwera msambo usanabwerere.

Yacitatu ndi pamene mayi akuyandikira kusiya kusamba. Amayi ambiri amasiya ali ndi zaka za pakati pa 45 ndi 55. Msambo umayamba kudumphadumpha, thupi limatentha usiku. Kumeneko ndi kukula basi.

Yacinayi ndi pamene mayi akulera. Jakisoni wa miyezi itatu ndi kamtengo koika pa mkono zimasintha msambo. Ena amadontheza pang'onopang'ono, ena amaleka kusamba. Pano pali bodza lalikulu lakuti magazi akuunjikana m'mimba ndipo adzaola. Ayi! Mankhwalawo amacititsa cibelekero kuti cisayale mphasa yocindikala. Mphasa imene sinayalidwe ingaole bwanji?

Yacisanu ndi njala, matenda, nchito yolemetsa ndi nkhawa. Tonse timaidziwa miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe ziri mbee ndipo kupalira kuli pacimake. Amene amadzuka mbandakuca ndani? Amene amasenza madzi ndi nkhuni ndani? Amene amadya wotsiriza, ana ndi bambo atakhuta, ndani? Thupi lotopa ndi lanjala limaimitsa msambo. Bambo amene akufuna kupeza wolakwa ayambe wayang'ana m'mbale ya mkazi wake.

Ndipo ngati pali kukayika za pakati, ku cipatala amayeza mkodzo, yankho limatuluka tsiku lomwelo. Ula sudziwa kuyeza mkodzo.

Tsopano titembenukire kwa oweruza a mtundu wina. Awa amati: "Ndi za cizimayi, pirira." Mau amenewa ndi oopsa kuposa oyamba aja. Pali zizindikiro zimene sitiyenera kupirira nazo:

Magazi otuluka mutagona ndi mwamuna.
Magazi obwera pakati pa msambo ndi msambo, mobwerezabwereza.
Magazi obweranso kwa mayi amene adasiya kusamba caka cathunthu capitaco.
Msambo wopitirira masiku 7, kapena wonyowetsa nsalu ola lirilonse.
Miyezi 3 osasamba, popanda pakati, kuyamwitsa kapena kulera.
Kudumphitsa msambo kenaka kumva kupweteka koopsa mbali imodzi ya pansi pa mcombo, pamodzi ndi cizungulire.

Cizindikiro cotsirizaci cingatanthauze kuti pakati pakhala kunja kwa cibelekero. Mayi wotere anyamulidwe nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Zizindikiro zitatu zoyambazo zingakhale ciyambi ca khansa ya khomo la cibelekero. Pa khansa zonse, imeneyi ndiyo imagwira amayi ambiri mu Mozambique. Imayamba ndi kacirombo kochedwa HPV, kamene kamafala pogonana. Amuna amakanyamula osadziwa. Amayi amene ali ndi HIV ndiwo amagwidwa msanga. Nthendayi imakula mwakacetecete kwa zaka zambiri. Ikapezeka isanakule, imacizika. Namwino amapaka viniga pa khomo la cibelekero, nayang'ana, ndipo nchito yatha m'mphindi zocepa. Kuyambira caka ca 2021 dziko lathu likupereka katemera wa HPV kwa atsikana ang'ono. Kholo lokaniza mwana wake katemerayu likumulanda cishango.

Likodzo nalonso, limene timalitenga posamba ndi pocapa m'madzi odikha, lingathe kutulutsa magazi m'njira ya mayi. Mankhwala ake alipo. Nanga mayi amene watha caka akumwa mizu ndi kutemera mphini, wapindula ciani? Wataya mbuzi, wataya nthawi, ndipo nthenda yakhwima.

Ena adzati: "Izi ndi za kutsimba, sizinenedwa poyera." Anamkungwi timawalemekeza. Ndiwo aphunzitsi oyamba a ana athu aakazi. Cifukwa ca cimeneco tikuwapempha kuti aonjeze pa malangizo ao: masiku 21 kufikira 35, zizindikiro zoopsa, ndi njira ya ku cipatala. Auzenso makolo kuti kusamba sikutanthauza kuti mwana wapsa kukwatiwa. Lamulo la caka ca 2019 limaletsa ukwati wa munthu aliyense wosakwana zaka 18. Cinsinsi cimene cimasunga ulemu ticisunge. Cinsinsi cimene cimakumba manda ticitaye. Akulu adati safunsa adadya phula.

Nkhondo yolimbana ndi umbuli idayamba m'dziko lonse m'caka ca 1978, ndipo sinathe. Ife amene tikuphunzira kulemba tiri ndi cida m'manja. Mayi aliyense akhale ndi kabuku kake. Tsiku loyamba kusamba, alembe tsikulo ndi mwezi wake. Tsiku lotsiriza, alembenso. Amene sanazolowere manambala ajambule kamzere pa tsiku lirilonse. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi adzadziwa kayendedwe ka thupi lake. Namwino akafunsa kuti, "Mudasamba liti komaliza, mayi?" sadzayankha kuti, "Nthawi yothyola nandolo." Adzatsegula kabuku, naloza tsiku.

Inunso abambo, nkhaniyi ndi yanu. Lekani kuweruza. Tengani njinga, muperekeze akazi anu.

Umbuli ugwe! Miseche igwe! Amayi akhale ndi moyo!

Mafunso okambirana:
1. Chulani nthawi zisanu zimene msambo umasintha popanda wolakwa.
2. Ndi zizindikiro ziti zimene zifunika cipatala msanga?
3. Mayi wasamba pa 3 Meyi, nasambanso pa 2 Juni. Papita masiku angati? Kodi ade nkhawa?