Kusainira opaleshoni si kuchepa kwa chikhulupiriro

Kholo la ku Zingwangwa likauzidwa kuti mwana wake wa zaka 16 aikidwe fupa lochita kupanga m'chiuno, dzanja limanjenjemera posaina. Manthawo ndi omveka. Matenda monga sikoselo amatseka njira za magazi, mutu wa fupa la ntchafu nkufa. Fupa loikiralo nalo limaperepeseka, kotero mwanayo angadzafunike opaleshoni yachiwiri atakula.

Alipo ena amene amauza makolo otere kuti kuvomera mpeni wa dokotala ndiko kukayika Mulungu. Ine ndikukana. Luso la madokotala ndi mphatso yochokera kumwamba, ndipo muno mu Blantyre chipatala cha Beit CURE, chimene chidatsegulidwa mu 2002, chimathandiza ana ovutika mafupa m'dzina la Khristu. Kuzengereza kumangochulukitsa ululu, sukulu nkuima.

Makolo inu, funsani dokotala zonse, pempherani, ndipo sainani. Mpingo nawonso usalekere posanjika manja. Mwana woyendera ndodo sangatsike yekha njira zotsetsereka za m'tsinde mwa phiri la Soche. Achinyamata amperekeze, amayi a Mvano asonkhe ya minibasi yopitira kuchipatala, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.