Anamwino a Mawa, Mlimi Akulira Msana

Ophunzira unamwino asanamalize maphunziro amatumizidwa kumidzi kuti akazolowere ntchito pakati pa anthu. Ena amachokera ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inayamba mu 2021 ataphatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, ena m'makoleji a mishoni. Mwa zomwe amaphunzitsa pa sikelo ndi pa misonkhano ya m'mudzi pali nkhani ya masewera olimbitsa thupi. Phunziroli ine sindilikana. Chomwe ndikukana ndi kulipereka mofanana kwa aliyense, ngati kuti mayi wolima ku Kasinje ndi kalaliki wa pa boma pa Ntcheu tsiku lawo ndi limodzi.

Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Tiyeni tiwerengere limodzi, alimi anzanga. Mizere yotalikirana masentimita 75, monga alangizi amanenera, mukailumikiza pa ekala imodzi imapitirira makilomita 5. Yonseyo mlimi amaunga ndi khasu, n'kudzaiyendanso pobzala, pothira feteleza, popalira ndi pobandira. Mphindi 150 zija zimakwana Lolemba dzuwa lisanafike pamutu. Kodi munthu wotereyu n'kumuuzanso kuti azithamanga m'mawa?

Komatu tisanyade msanga. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe lomwelo mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. Vutoli linapezeka kumudzi ndi m'tauni momwe. Choncho khasu palokha si mankhwala.

Ntchito ya kumunda ndi masewera zimasiyana. Wosewera akatopa amaima. Mlimi amawerama maola asanu kapena kuposa, mbali imodzimodzi ya thupi, ndipo ntchito yowawa kwambiri imagwa mu Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zambiri zili mbee. Chimayamba kudandaula ndi msana, kenaka mawondo ndi khosi la amayi osenza. Ku California, m'dziko la America, boma linaletsa khasu la mpini waufupi m'minda ya olemba antchito mu 1975 chifukwa cha misana yomweyi. Kuno mpini waufupi tidakali nawo, ena mpaka amautama kuti ndiwo umalima msanga.

Apa ndi pamene wophunzira unamwino angatithandize. Atiuze za kutalikitsa mpini. Atisonyeze kuweramuka ndi kudziwongola tikatha mizere ingapo, osadikira kuti msana uchite kutikakamiza. Aime pa Tsangano kapena pa Lizulu pomwe anyamata amakweza matumba a mbatatesi ndi kabichi m'malole, awaonetse kunyamula popinda mawondo, katundu ali pafupi ndi thupi. Ife a zaulimi tili ndi mbali yathu: ulimi wa mtayakhasu, wophimbira nthaka ndi mapesi, umachotsa ntchito younga mizere chaka ndi chaka, ngakhale kupalira kumavutabe zaka zoyamba.

Nanga masewera enieniwo ndi a yani? Ndi anu amene mwagula nyuzipepala ino pa golosale, inu okhala pa mpando kuyambira kutsegula mpaka kutseka, kenaka n'kukwera kabaza mtunda woti mwana wa sukulu amayenda wapansi. Ndi a ophunzirawonso. Miyezi yambiri amakhala m'kalasi ndi m'mabuku, pamene ntchito yomwe ikuwadikira ndi yotembenuza odwala pa bedi, kuima usiku wonse ndi kukwera zitunda za ku Tsangano ndi bokosi la katemera. Namwino wophwanyika msana ali ndi zaka 30 ndi chipatala cha kumudzi chomwe chatsala ndi munthu mmodzi.

Ndikupempha aphunzitsi awo kuti ophunzira akafika kuno aziyenda wapansi ndi alangizi a zaumoyo popita m'midzi yapafupi, ndipo m'mawa umodzi aliyense agwireko khasu m'munda wa banja lomwe akuliyendera asanalembe malangizo ake. Pa tsiku la msika abwere ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi, ayeze wogulitsa ndi wogula yemwe.